Mtsinje wa Mayi Ake a Upile

A Hamilton Mbewe akhala akukankha mabedi a odwala m'chipatala china pakati pa mzinda wa Indianapolis kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amadziwa chikepe chimene chimachedwa, chitseko chimene chimavuta, ndi nesi amene simuyenera kumupatsa moni asanamwe khofi. Akaweruka amabwerera kunyumba ku Lawrence, Lamlungu amaimba besi m'kwaya, basi moyo wawo ndi umenewo. Akazi awo, mayi Akuzike, anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Upile, amene tsopano ali ku koleji ku South Bend.

Za hip hop a Hamilton sankabisa maganizo awo. Ankati kumeneko si kuimba ayi, koma kukalipira ng'oma. Ndiye taonani, mwana wawo yemweyo ndi amene anayamba kuikalipira ng'omayo. Ku koleji Upile anapalana ubwenzi ndi Marama, mtsikana wa mtundu wa Amaori wa ku New Zealand, amene amaimba ndi anzake awiri a ku Samoa. Nyimbo zawo n'zothamanga mawu ngati zinzake zonse, koma pansi pake pamamveka ng'oma zamtengo, ndipo oimbawo amaponda pansi pamodzi akudzimenya m'ntchafu ndi pachifuwa. Marama anabweranso ndi mwambo wa kwawo: munthu asanalankhule pagulu, ayambe watchula phiri lake, mtsinje wake, ndi anthu ake.

Loweruka lina Upile anabwera kunyumba ndi chikwama cha zovala zakuda. Ankacheza monga mwa masiku onse, bambo Chichewa, mwana Chingerezi. Koma funso ili analifunsa m'Chichewa.

"Adadi, phiri lathu ndi liti?"

"Phiri? Ku Indiana kuno unaonako phiri iwe?"

"Ayi, la ku Malawi. Ndi mtsinje womwe. Tikupafoma Loweruka likubwerali, ndipo aliyense akufunika atchule kwawo."

A Hamilton anakondwa, ngakhale sanaonetse. Anamuuza za phiri la Dedza ndi mtsinje wa Linthipe, kumene iwo anakulira. Upile analemba m'foni, n'kubwerera ku South Bend mtima uli m'malo.

Lolemba, akukankha bedi la gogo wina kupita kojambula, chinthu chinawalasa mumtima: iwo anali atamunamiza mwana uja. Kwawo kwa a Hamilton ngakhalenso kwa malemu akazi awo, mwana ndi wa kwa mayi ake. Dedza ndi kwawo kwa iwo, mkamwini chabe. Kwawo kwa Upile ndi ku Machinga. Phiri lake ankalidziwa, Chikala, poti limaoneka munthu ali pamsewu. Koma kamtsinje kamene Akuzike ankachapako ali mtsikana, dzina lake linawathawa. Mayiwo ankakatchula kawirikawiri, iwo n'kumamva ndi khutu limodzi, poganiza kuti nthawi yofunsa ilipo yambiri.

Wodziwa anali mmodzi yekha: a Kingsley, mchimwene wa malemuwo, mwini mbumba. Ndipo apa ndi pamene panali minga. Akuzike akudwala anapempha kuti adzamuike konkuno, pafupi ndi mwana wake, ndipo a Hamilton anachita zomwezo. A Kingsley anakwiya, nati, "Mwatibera maliro." A Hamilton nawo chisoni chinawalankhulitsa pambali: "Akudwala munali kuti?" Kuyambira tsiku limenelo, zii, zaka zisanu ndi zinayi. Paja mlandu suola.

Akanatha kungokhala chete. Ndani ku South Bend akanadzuka n'kunena kuti Linthipe si wa mtsikanayu? Koma zinkawawawa kuti mwana wochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu akudziwa mtsinje wake, pamene wawo akaimirira pagulu n'kutchula madzi amene mayi ake sanasambemo. Zinkawapwetekanso kuti m'zaka zonsezi dzina la Akuzike analitsekera m'nyumba ngati mbale za alendo, poopa kulira pamaso pa mwana. Tsopano mwanayo anafuna mayi ake, iwo n'kumupatsa za bambo.

Anazengereza masiku atatu. Lachinayi m'mawa, ali m'galimoto pamalo oimika a pachipatala, anaimba foni ku Machinga.

"Ndine Hamilton."

Pafoni pankamveka mbuzi chapatali.

"Bambo Mbewe," anatero a Kingsley, mawu ali ouma. "Kwagwanji?"

"Kulibe choipa, alamu. Ndimafuna dzina la kamtsinje kaja kumunsi kwa mudzi."

"Akufunsa ndani, inu kapena mwana?"

"Mwana."

"Namiyala. Madzi anachepa, koma kalipo. Mwala umene mayi ake ankachapirapo uliponso. Mumuuze kuti malume ake sanafe."

Madzulo ake a Hamilton anamuimbira Upile n'kuvomera kulakwa kwawo. Analankhula za mayi ake kwa ola lathunthu, zimene sanachitepo chimwalirire. Analira, ndipo dziko silinathe.

Loweruka masana anayendetsa galimoto maola atatu kupita ku South Bend, atavala jekete la kutchalitchi. Muholo ya pakolejipo iwo okha ndiwo anali a imvi, ndipo phokoso lake linali lija amadana nalo. Marama anayamba, natchula phiri ndi mtsinje m'chilankhulo chake. Anzake a ku Samoa anatsatira. Itakwana nthawi ya Upile, a Hamilton anaimbanso nambala ya ku Machinga, ngakhale kumeneko unali usiku, nakweza foni m'mwamba.

"Phiri langa ndi Chikala," anatero Upile, Chichewa chake chikutsimphina koma chosagwa. "Mtsinje wanga ndi Namiyala. Mayi anga ndi Akuzike, anagona ku Indianapolis. Malume anga ndi a Kingsley. Bambo anga ndi awo avala jeketewo."

Anthu anatembenuka n'kuwomba m'manja. Kenako ng'oma zinagunda, mapazi anaponda pansi, mwana uja n'kuyamba kukalipa kwakeko. A Hamilton sanamve mawu ambiri, koma anaima chilili mpaka nyimbo inatha, dzanja lili m'mwamba ngakhale linkawawa.

Atatuluka panja anaika foni kukhutu, akuganiza kuti mwina inaduka kalekale. Inali isanaduke. Kumbali inayo munthu wamkulu ankamina.

"Alamu," anatero a Kingsley, dzina limene sanawaitane nalo kwa zaka zisanu ndi zinayi. "Ndamva. Mawuwo ndi a mlongo wanga. Tandipatseni mwanayo ndimulankhule."