Nsapato za misomali za ku Greenwich

Chaka changa chachiwiri ku London ndinkasamalira mayi wina wachizungu wokalamba ku Greenwich, m'nyumba yaikulu yoyang'ana kumtsinje. Pakhoma panali chithunzi cha agogo awo aakazi ali m'tsinde mwa phiri loyera ndi chipale chofewa, siketi yofika m'mapazi, chingwe m'chiuno. Mayiwo ankati masiku amenewo mkazi wokwera phiri ankamuyesa wamisala, ndiye agogowo akafika posaoneka anthu ankavula siketi n'kuibisa pansi pa mwala. M'kati ankakhala atavala thalauza la mchimwene wawo.

Ine ndinawauza kuti kwathu ku Mulanje amayi anga ankakwera phiri kawiri pa sabata, opanda nsapato, n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, koma palibe anawajambula. Ndinanena mopsa mtima, ndikuvomera. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kunditchula kuti mnzawo. Ine mtima sunakhale m'malo. Munthu wachuma chonchi akufuna chiyani kwa ine womusambitsa? Akandiitanira tiyi ndinkakhalira m'mphepete mwa mpando.

Tsiku lina anandituma kuti nditsitse bokosi pamwamba pa kabati ya zovala. Munali nsapato zachikopa, zolemera, zokhomedwa misomali kunsi.

"Izi n'za agogo anga aja," anatero. "Mwana wanga sazifuna. Tenga, iwenso ndiwe mwana wa wokwera phiri."

Kwathu mphatso ya munthu wamkulu sukana, umagwada n'kulandira ndi manja awiri. Ndinachita zomwezo osaganiza. Nditakwera basi m'pamene mantha anandigwira. Kampani yathu inkaletsa kulandira chilichonse kwa okalamba, ndipo mwana wamkazi wa mayi aja akabwera maso ake sankachoka pachikwama changa. Ndinaimbira foni msuweni wanga wa ku Ilford.

"Iwe, imeneyo ndi trap," anatero. "Mawa aiwala, daughter wawo anena kuti waba. Job yatha, visa yatha. Bweza fast."

M'mawa mwake, mayi aja akuwodzera pampando, ndinabweza bokosilo pamalo pake mwakachetechete. Sindinawauze kanthu.

Patapita masabata awiri mwana wawo uja anabwera kudzalongosola m'chipinda, n'kutsitsa bokosilo ine ndili pomwepo. Anadabwa. Anati amayi ake anali atamuuza kale za mphatsoyo, ndipo iye analembera kalata kukampani kuti zonse zikhale poyera. Mayi aja anayang'ana nsapatozo, kenako anayang'ana ine. Ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja.

"Unkaganiza kuti ndikukutchera msampha?"

Zinali zoona. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo mpaka lero sanandichoke.

Ndinagwirabe ntchito m'nyumbamo miyezi ina isanu. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Ankangondilankhula mwaulemu, ngati mmene ankalankhulira ndi munthu wobweretsa makalata.