Mlomo wa Kapendeke

Kuseri kwa kamera ndi malo abwino obisalako. Mzimayi amene anthu ankamutchula kuti Kapendeke anazindikira zimenezi akadali mtsikana, ndipo sanafunenso ntchito ina. Kwa zaka makumi awiri anajambula anthu mu situdiyo yaing'ono yopanikizika pakati pa shopu ya nsapato ndi ya ometa tsitsi: zithunzi za paziphaso, za ofunsira ntchito, za makanda olira. "Kwezani chibwano. Phewa ilo litsike. Mwetulirani pang'ono." Mawu omalizawa ankawanena nkhope ataibisa, chifukwa iye mwini kumwetulira kunkamuchititsa manyazi.

Sikuti ankadwala ayi, anabadwa choncho. Akakhala chete nkhope inali bwinobwino, koma akangoseka, mlomo wa kumanzere unkathamangira m'mwamba mpaka usinini kuonekera, wa kumanja n'kutsalira ngati sunamve nthabwalayo. Malemu bambo ake ankaseka chimodzimodzi, ndipo iwo zinkawakhala. Mwamuna akhoza kukhota paliponse, anthu amangoti ndi mmene alili. Koma mwana wamkazi kusukulu! Anzake ankamuseketsa dala kuti aonerere. Dzina la Kapendeke anamupatsa ndi mayi ake mwachikondi, koma litafika m'kalasi linasanduka chitonzo. Choncho anaphunzira kuseka dzanja lili pakamwa. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iye anadziwa kamera.

Anakwatiwapo, banja linatha pa zifukwa zosakhudza mlomo, ndipo anabwerera kukakhala ndi mayi ake, amene mutu unali utayamba kuwataya. Poyamba ankaiwala makiyi, kenako masiku, kenako anthu. Mng'ono wake wa Kapendeke, yemwe ankabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa, kuwadyetsa ndi kukhala nawo mpaka madzulo, anasanduka "anesi", ndipo ankamuthokoza mwaulemu ngati mlendo. Koma Kapendeke akaweruka n'kulowa m'chipinda chawo, mayiwo ankamuyang'ana kaye ndi maso opanda kanthu, iye n'kumwetulira dzanja lili pansi. Pomwepo nkhope ya gogoyo inkawala.

"Kapendeke wanga! Mlomo wa bambo ako uwo. Wadya koma?"

M'dziko lonse lapansi, chipinda chokhachi ndi chimene ankasekeramo osabisa pakamwa.

Tsoka linalowera pawindo la situdiyo. Mwini wake anafuna chithunzi cha antchito onse kuti achimate pagalasi, odutsa aziona. Mnzake wa Kapendeke wokonza zithunzi pakompyuta, munthu amene dzanja lake linazolowera kufufuta ziphuphu ndi makwinya a aliyense osafunsa, anawongolanso mlomo uja. Kapendeke anayenera kukwiya. M'malo mwake anaima panja n'kuyang'ana mzimayi wa pachithunziyo nthawi yaitali, mpaka wometa tsitsi anamufunsa ngati wataya kanthu. Tsiku lina kasitomala analoza pagalasipo n'kunena kuti, "Awa okongolawa ndi ang'ono anu?" Iye anaseka, dzanja lili pakamwa, koma mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa.

Amene anamutsina khutu anali mayi wina wodzajambulitsa, wogwira ntchito pakachipatala kokonza nkhope. Anati kuli jakisoni wa zimenezo, wosachedwa, munthu amabayitsa pa nthawi ya nkhomaliro n'kubwerera kuntchito. Kapendeke anayenda ndi kapepala ka adiresi m'chikwama milungu itatu. Tsiku lopita anauza abwana kuti dzino lamuvuta.

Anamukhazika pampando woyera, nyali yowala ili kumaso. "Mwetulirani," anatero dokotala, ndipo Kapendeke anamva kwa nthawi yoyamba mmene mawu amenewa amalemerera ukakhala mbali inayo. Dokotala anadontheza timadontho tiwiri ndi cholembera pafupi ndi mphuno. Anafotokoza kuti mankhwalawo amafooketsa kamnofu kamene kamakoka mopitirira, kuti ayamba kugwira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mphamvu yake idzatha yokha pakapita miyezi itatu kapena inayi. Atamufunsa ngati ali ndi funso, iye anangofunsa ngati zipweteke. Za mayi ake sanafunse. Tinene zoona: maganizowo anabwera, koma anawaingitsa ngati ntchentche.

Pa tsiku lakhumi galasi la kubafa linamuonetsa mzimayi wa pachithunzi cha pawindo uja. Anamwetulira kwa wogulitsa nsapato, kwa kondakitala, ngakhale kwa kasitomala wamwano amene anabweza zithunzi ati makutu akula. Dzanja linkanyamuka lokha mwachizolowezi, iye n'kulibweza. Madzulo analowa m'chipinda cha mayi ake mtima uli m'malo, anagwada pafupi ndi mpando wawo n'kumwetulira.

Mayiwo anamuyang'anitsitsa, kenako anakonza bulangeti pamaondo.

"Takulandirani. Mukufuna ndani?"

"Ndine, amayi. Kapendeke."

"Oo, mukufuna Kapendeke? Sanabwere. Khalani, muzimudikira."

Mng'ono wake, yemwe anali akupinda zovala pabedi, anasiya n'kubwera kudzamuyang'ana pafupi.

"Achemwali, tasekaninso. Mwatani kumasoku?"

"Ndi dzino lija."

"Dzino lanji lowongola mlomo? Ine ndazulitsa atatu, bwanji sindinakongole?" Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira. "Ine anandiiwala kalekale, ndinazolowera. Munatsala ndinu nokha. Ndiye mwachita chiyani?"

Kapendeke anasowa poyang'ana. Akanakonda nthaka ikanang'ambika.

M'mawa mwake anabwerera kwa dokotala kukapempha kuti achotse mankhwalawo. Dokotalayo anamumvera chisoni, koma anati amenewa si utoto woti n'kupukuta. Palibe chochita koma kudikira. Miyezi itatu si kanthu kwa munthu wamutu wabwino. Kwa mayi amene sabata iliyonse ankataya dzina limodzi, unali ulendo wautali, ndipo Kapendeke ankadziwa kuti mlomo ukadzabwerera mwina sudzapeza woukumbukira.

Mayiwo anayamba kukhala pawindo madzulo aliwonse. Chakudya ankakankhira kumbali ati asungire mwana, sanabwere kusukulu. Kapendeke ankawavula nsapato, kuwapesa tsitsi, kuwamwetsa mankhwala, iwo n'kumati, "Zikomo kwambiri, muli ndi mtima wabwino. Mukamuona mwana wanga panjira mumuuze afulumire." Anayesa kuwaimbira nyimbo zakale, anayesa kutchula dzina la bambo ake, anawaonetsa zithunzi za ena onse a m'banjamo. Chake chomwetulira ndi mlomo wopendekeka uja panalibe ndi chimodzi chomwe. Munthu wojambula zaka makumi awiri!

Kuntchito anthu ankamuyamikira kuti wasintha, akuoneka mtsikana. Mawu aliwonse otere ankamuwotcha. Dzanja linabwerera pakamwa, tsopano kubisa mlomo wowongoka.

Loweruka lina masana, mng'ono wake atapita kukagula sopo, Kapendeke anaima pagalasi la kubafa n'kuyesa kukweza mlomo wa kumanzere. Unakana. Anaika chala pansi pa tsaya n'kukankhira m'mwamba, usinini unaonekera, ndipo nkhope ya bambo ake inamuyang'ana m'galasimo. Anathamangira kuchipinda kuja, anagwada pamaso pa mayi ake, anakankha mlomo ndi chala n'kumwetulira.

"Amayi, taonani. Ndine."

Mayiwo anayang'ana. Maso awo anasintha ndithu, moti Kapendeke anaganiza kuti zatheka. Kenako dzanja lawo lowonda linatsika pa dzanja lake, phwa! ngati mmene ankamumenyera ali mwana akafuna kugwira moto.

"Inu, akuluakulu onsewa, mulibe manyazi? Mwabwera m'nyumba mwanga kudzamuyeseza mwana wanga? Kusukulu amunyoze, kunonso mumunyoze?" Anamuloza ndi chala. "Anabadwa choncho. Ndi mlomo wa bambo ake, ndipo palibe mwana amene amaseka mokoma ngati iyeyo. Inu ndi nkhope yanu yosalalayo simungamufike n'komwe."

Kapendeke anatsitsa dzanja, mlomo n'kubwerera pamalo pake powongoka. Zaka zonsezi ankalakalaka wina atamuikira kumbuyo choncho pamaso pa omutonza, ndipo lero zachitika, wotonzayo ali iye mwini. Misozi inatsika, sanaipukute.

"Pepani, amayi. Ndalakwa."

Mayiwo anapuma pang'ono, mkwiyo n'kuwachokera msanga monga zinkawachokera zinthu zonse masiku amenewo. Anatembenukiranso kuwindo.

"Basi, musalire. Koma mwana ameneyu wachedwa. Inu simunamuone?"

"Ndinamuona, amayi," anatero Kapendeke, akuwakonzera pilo kumsana. "Akubwera. Chonde mumudikire."