Bokosi la a Shehe Alawi

Gaspar anali mwana wa mlimi wa chinangwa ku Maniamba. Anaphunzira kwa ansembe, ndipo Chipwitikizi chake chosalala chinamupezetsa usajeni m'gulu lankhondo la atsamunda. Ankalamulira asilikali khumi ndi awiri.

Mu 1967 kunabwera lamulo loti mudzi wina wa asodzi, kumpoto kwa Metangula, usamutsidwire kumpanda wa waya, nyumba zonse zitenthedwe, poti ankati eni ake amadyetsa ankhondo akutchire. Atafika kumeneko pa boti, kapitawo wawo wachizungu anatsalira m'botimo n'kutuma Gaspar.

Anthu atatuta maukonde ndi mbuzi zawo, mumzikiti munatsala a Shehe Alawi, nkhalamba yotsimphina, atakhalira bokosi lamlombwa.

"Bambo, tiyeni. Moto ukubwera," anatero Gaspar.

"Ukaotcha ili, mwanawe, waotcha makolo athu onse."

Anatsegula. Munali mapepala olembedwa pamanja m'zilembo zachiarabu: mayina a mibadwo, maukwati, makalata a amalonda amene ankapita ku Kilwa wapansi, ndi Korani imene atate awo anakopera okha.

Gaspar anadziwa kuti kapitawo akaona zilembo zimenezo angoti ndi mauthenga a adani. Anakulunga bokosilo m'chinsalu cha tenti, nauza asilikali ake kuti alisanjike pamodzi ndi zipolopolo. A Shehe atatuluka, denga la mzikiti anayatsa yekha, poti anzakewo ankangoyang'ana pansi.

Pagombe kapitawo analoza a Shehe. "Uyu wachedweranji muja?"

Gaspar akanangoti ndi mwendo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma maso a mzungu anali pafupi ndi chinsalu chija.

"Amakana kutuluka, bwana."

A Shehe anakwezedwa m'boti kuti akafunsidwe mafunso. Sanabwerenso.

Bokosi lija Gaspar analibisa m'nkhokwe ya amayi ake. Akapeza tchuthi ankayanika mapepalawo kuopa chiswe, ngakhale sankatha kuwerenga n'chilembo chimodzi chomwe. Mu 1973, bomba lokwirira litamudula zala zakuphazi, anachotsedwa usilikali. Anasenza bokosi kutsetsereka phiri, nakapeza Somoe, mwana wamkazi wa a Shehe, akuyanika usipa pathandala m'mpanda muja.

Somoe anatsegula, nanunkhiza mapepala, misozi ili chuchuchu.

"Zikomo. Nanga bambo anga, mukudziwa chimene anawatengera?"

"Ndine, mayi. Ndinauza mzungu kuti amakana kutuluka."

Somoe anatseka bokosi lija. Kenaka anaitana mlongo wake Ibrahimo, nanyamula bokosi awiriwo kulowa nalo m'nyumba. Gaspar sanapatsidwe mpando ngakhale madzi. Anaima padzuwa mpaka anazindikira kuti palibe amene atulukenso, n'kuyamba ulendo wobwerera.

Anakalambira ku Maniamba akulima chimanga. Asodzi obwera kudzasinthanitsa nsomba nthawi zina ankamuloza, amvekere: "Awo ndi amene anapulumutsa mapepala a kumzikiti." Iye akamva zimenezo ankatola khasu lake n'kuzembera kumunda, ngakhale mundawo utalimidwa kale.