Tsiku Limene Ndinanamizira Galimoto Yanga

Bambo anga sanakhalepo ndi galimoto, ngakhale laisensi, koma pa Mayani panalibe wodziwa galimoto kuwaposa. Atapuma pa uphunzitsi, ofesi yawo inali benchi la pakhonde la atelala, loyang'ana kumsewu. Chiyambire pamene mayi anatisiya, khonde limeneli ndi limene linkawadzutsa m'mawa ndi kuwavalitsa tayi. Galimoto ikamveka patali, ankatsinzina n'kukweza chala. "Yamphamvu imeneyo, koma woyendetsayo ndi wamantha," ankatero isanaonekere n'komwe. Ikatulukira thirakitala, ankati mphepo yawasokoneza.

Atelalawo za injini analibe nazo ntchito. Ankati galimoto ya saluni ili ngati suti: uone mapewa, uone m'chiuno, uone ngati kumbuyo kwagwa bwino. Ya mphuno yaifupi ankaitcha chule. Yotukuka kumbuyo ankati anaisoka wophunzira. Bambo ankawayankha kuti kukongola sikukwera phiri la Dedza, ndipo galimoto yosafika liwiro la handiredi twente ndi ngolo yovala magalasi. Handiredi twente ameneyu ankamutchula ngati mnzawo wodyera naye mbale imodzi. Anthu obwera kudzasoketsa zigamba ankachedwa dala kuti amve nawo mkanganowo.

Nditagwira unamwino zaka zambiri, ndinagula saluni yangayanga, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yosalala bwino. Ndine munthu wokonda kutamidwa, sindibisa. Ndinkafuna bambo aigwire, aimvetsere, anene pamaso pa anthu kuti mwana wawo wagula galimoto yeniyeni. Loweruka lina m'mawa ndinakaiimika pakhonde paja, fumbi kobo.

Atelala anaizungulira katatu, tepi ili m'khosi, mpaka kuyeza buti. "Mapewa alibe mlandu," anatero. "Koma nyali zakezi, mayi, zikukhala ngati yachokera kumaliro."

Bambo anandiuza nditsegule boneti, n'kutchera khutu. "Iyi handiredi twente imafika ikuyasamula," anagamula.

"Kodi aphunzitsi," anafunsa atelala mwaulemu wonse, "handiredi twente mumamutchulayu, munayamba mwamukwerapo?"

Bambo anakonza tayi, nati limenelo ndi funso lachibwana.

"Ndiye tiyeni tikamuone tonse," anatero atelala. "Amene ayambe kunena kuti chepetsani, asadzatsegulenso pakamwa za galimoto pakhonde pano."

Anthu anawomba m'manja, ndipo ine, chitsiru, ndinawomba nawo. Onse awiri anakhala kumbuyo, chifukwa atelala anati mabwana sakhala kutsogolo.

Mpaka ku Linthipe tinayenda bwinobwino, akutsutsana ngati mipando ndi yachikopa kapena yapulasitiki. Titalowa mumsewu waukulu ndinayamba kuponda. Pa sikisite bambo anati, "Mwaimva giya imeneyo?" Pa eyite nkhani zinayamba kuuma. Muvi wa liwiro utayandikira handiredi, kumbuyo kunangoti duu, ndipo ndinasuzumira pagalasi.

Bambo anali atafinya chipewa chawo pamaondo, milomo ikuyenda yokha, ndipo ndinadziwa kuti ndi pemphero. Atelala anali atatsinzina, thukuta kamukamu, m'mwezi wa Juni, ku Dedza! Pakati pa mpando, madoda awiriwo anali atagwirana dzanja ngati ana owoloka mtsinje. Apo m'pamene ndinazindikira. Moyo wawo wonse anakwera minibasi, m'mene munthu umaona khosi la mnzako ndi thumba la mbatatesi. Msewu ukukuthamangira kumaso chonchi anali asanauonepo.

"Aphunzitsi, muli bwino?" anafunsa atelala osatsegula maso.

"Kwambiri. Kaya inu?"

"Ine ndikungoona ngati taima."

"Ponda, mwana wanga," anatero bambo, mawu ali ngati a kamwana ka mbuzi.

Ndinafuna kuseka, koma mtima unandiwawa. Ndimawadziwa bambo anga. Akanatha kukomoka osanena kanthu, kapena akananena, n'kutaya benchi lawo. Ndiye Lolemba akanavalira ndani tayi? Ndinachotsa phazi, kenako ndinaponda, n'kuchotsanso, kuti galimoto izidumphadumpha ngati yatsamwa.

"Yakana," ndinatero. "Mtunda uwu siingaukwere."

Mtunda wake unali woti nkhuku ikhoza kukwera chobwerera m'mbuyo. Tinatsika mpaka fote, kenako sate, mpaka bambo wina wa njinga yonyamula kabichi anatiyang'ana mwachisoni.

Kumbuyo kuja anthu anauka kwa akufa. Manja anasiyana ngati sanadziwanepo.

"Ndinanena ine!" anafuula atelala. "Galimoto ya maso amaliro siingathamange."

"Ine ndinamva pakhonde pomwe paja kuti injiniyi ili ndi chifuwa," anatero bambo, akuwongola chipewa. "Kungoti sindinafune kumuchititsa manyazi mwanayu pagulu."

Abale inu, ndinapsa mtima! Phazi linkachita kuyabwa kuti ndiponde mpaka pansi, aone chimene chinameta nkhanga mpala. Ndinangoluma mlomo n'kutembenuza galimoto. Ulendo wonse wobwerera anagwirizana, koyamba m'mbiri yawo, kuti akazi pogula galimoto amangoona mtundu wa penti. Atelala anawonjezera kuti handiredi twente anali atamukonzekera bwino, moti akhumudwa.

Pakhonde anafotokoza zonse molandizana mawu, bambo akutsanzira kutsamwa kwa injini, anthu akugwa ndi phwete. Palibe anataya malo ake pabenchi. Imene inataya dzina ndi galimoto yanga. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Mayani, amayi ogulitsa tomato amatsokomola onse pamodzi, ndipo wina anandilangizapo kuti ndiziimwetsa madzi a mandimu. Tsiku limenelo sindinawayankhule bambo mpaka dzuwa kulowa.

M'mawa mwake ndinadzuka kuti ndikonzekere Misa, ndipo ndinawapeza panja m'chisanu chija, akupukuta mame pagalimoto ndi thaulo lawo losambira. Ankapukuta pang'onopang'ono, chitseko ndi chitseko. Ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno, mkwiyo wanga ndisanauiwale.

"Ili ndi mphamvu, mwana wanga," anatero osandiyang'ana. "Ndinaimva m'maondo."

Ndinachotsa manja m'chiuno.

"Ndipo phazi lako ndinaliona." Anakamula thaulo lija, nayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu. "Atelala asadzamve."

Ine ndinangofunsa ngati ndilize galimoto tizipita kutchalitchi.

"Iyayi," anatero msangamsanga. "Lero tiyende wapansi. Ipumeko."