Mau a Amalume m'Bokosi la Amai

Laibulale imene ndinkagwirako ntchito ku Petauke inali ya zipinda ziwiri zokha. Mabuku anali ochepa. Chuma chathu chenicheni chinali mau a okalamba amene tinkajambula m'midzi. Tinkawasunga m'timakhadi ta foni, kalikonse mu envulopu yake, ndipo mwini mau tinkamulemba m'kaundula.

Makaundula anali awiri, wa abambo ndi wa amai. Mau a abambo aliyense ankatha kuwamvera. A amai ankakhala m'bokosi lachitsulo lokiya, chifukwa amai ambiri pofotokoza mbiri ankalowetsamo nyimbo za chinamwali. Anamkungwi anatilola kujambula titalonjeza zinthu ziwiri: kuti mwamuna sadzamva, ndiponso kuti cholowa m'bokosimo sichidzatuluka iwo asanavomere. Kiyi ndinkasunga ine monga mkazi wamkulu pa ofesipo, ndipo ndinkanyada nayo. Ndine munthu wokonda dongosolo mopitirira muyeso. Anzanga ankandiseka kuti ngakhale nyerere zitalowa mu ofesi ndingazifunse mayina.

Chaka china ndinaitanidwa ku Luembe kukajambula nkhalamba imene mudzi wonse unkaitcha amalume. Ndinawapeza akusema mpini, atavala buluku ndi chipewa chakutha. Anali mwini mbumba. Ndiwo ankagawa minda, kulandira akamwini, ndi kuyanjanitsa ana a alongo awo akayambana. Tisanayambe anandiuza okha, osatsitsa n'komwe mau, kuti anabadwa ndi thupi la mkazi, koma chiyambire ubwana sanadzionepo ngati mtsikana, ndipo makolo atalimbana nawo anatopa n'kuwasiya. Sanachedwepo pa nkhaniyo. Analowa m'zimene anandiitanira: mayina a makolo a mbumbayo mmodzimmodzi, kumene anachokera, pamene anawolokera Luangwa, ndi pamene aliyense anagona. Tinatha masana onse. Potsazikana anati mau amenewo ndi a mwana wa mlongo wawo amene adzalowe dzina lawo iwo akadzapita, choncho ndiwasunge bwino.

Nditabwerera ku ofesi ndinatsegula makaundula onse awiri. M'kope langa ndinali nditakopera za pa reji yawo, chiphaso cha boma chija, dzina lachikazi limene panalibe munthu ankawaitana nalo. Ndinazengereza pang'ono, kenako ndinati chikalata cha boma sichinama. Ndinadzinamizanso kuti ndikuwateteza, poti anthu a m'tauni pakamwa sasunga kanthu. Iwo sanandipemphe chitetezo chimenecho. Ndinawalemba m'kaundula wa amai ndi dzina la pa reji, envulopu ndinaiika m'bokosi n'kukiya.

Panapita zaka, ndinajambula anthu ena ambiri, nkhope zinasakanikirana m'mutu mwanga. Tsiku lina m'mawa kunafika bambo wa imvi, atatsika basi yochokera ku Nyimba, fumbi lili mbuu m'mapewa. Anati kwawo ndi ku Luembe, amalume awo anamwalira, ndipo patsala masiku awiri kuti iwo alowe dzina. Pa mwambowo ayenera kuima pamaso pa mbumba n'kutchula makolo onse motsatana. Ananditchulira dzina la amalumewo, lachimuna. Ndinayendetsa chala m'kaundula wa abambo kawiri, ndipo ndinawauza kuti munthu wa dzina limenelo sitinamujambulepo.

"Amai, yang'anani futi," anatero bamboyo. "Amalume sanali kunama. Ananiuza kuti mau anasiya kuli imwe."

Mtima wanga wapachala unandipweteketsa pamenepo. Ndinayankha kuti kaundula wanga sasochera, ndipo okalamba nthawi zina amalonjeza zinthu zimene sanachite. Bamboyo sanakangane nane. Anathokoza, navala chipewa, n'kutuluka kukadikira basi.

Ndinazindikira patatha sabata, ndikukonza maenvulopu m'bokosi muja, nditaona dzanja langa lomwe litalemba kuti Luembe. Amenewo ndiwo anali mau a amalume a bambo uja. Mwambo unali utachitika kale. Ndinamva pambuyo pake kuti bambo uja anatchula makolo ochepa n'kukakamira, amai achikulire n'kuyamba kutsutsana pofuna kumuthandiza. Achibale ena ananena poyera kuti amalumewo anapita ndi mbiri kumanda chifukwa cha kaduka. Munthu amene anakhala pa dzuwa masana onse kuti mbumba yake isasowe kanthu, anamutcha wakaduka chifukwa cha ine. Mpaka lero manyazi ake sanandichoke.

Ngakhale kukonza sindikanatha ndekha, chifukwa envulopu inali italowa m'bokosi. Ndinapita kwa namkungwi wamkulu mwa amene tinapangana nawo, amai okalamba ochokera ku Luembe komweko amene tsopano ankakhala kwa mwana wawo ku Kacholola. Ndinawapeza akutendera masamba pakhonde. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale mau achipongwe amene ndinauza bambo uja. Ndinayembekeza kuti andifunsa ngati m'mauwo muli nyimbo. Sanafunse. Anayamba apukuta manja pa chitenje.

"Uja tinakula naye," anatero. "Pamene ise anzake tinalowa m'tsimba, yeve anakana, ndipo amai athu anamuleka. Zaka zonse izi palibe anamukakamiza. Manje imwe mwamulowetsa na bolopeni, na kukiya pamwamba."

Anandilola kutulutsa envulopuyo, ndipo tsiku lomwelo ndinafufuta dzina la pa reji n'kulemba lawo lenileni m'kaundula wa abambo. M'mawa mwake ndinakwera basi kukapereka mauwo ku Luembe. Bambo uja analandira ndi manja awiri, ndipo kupepesa kwanga anakumvera mpaka kumapeto. Kenako anandiuza mofatsa kuti mbumba idzamvera ndithu, koma dzina salowa kawiri.