Khadi la Mgonero la Mayi Wamasiye

Ine sinditaya pepala. M'sutikesi yanga yachitsulo muli makalata a misonkhano, mapologalamu a kwaya, ndi timabuku tonse timene ndinkalembamo pamene ndinali mkulu wa mpingo kufupi ndi ku Nsipe, m'zaka zija za chipani chimodzi. Choncho munthu akamandiuza kuti kale mpingo unali wamoyo chifukwa tinkagwira ntchito, ndimamuyang'ana kaye. Ntchito tinkagwiradi. Lachiwiri komiti ya malata, Lachitatu kalasi, Lachinayi amayi, Lachisanu kwaya, Loweruka bwalo la akulu. Mbatata yanga ya kachewere inkachedwa kupalira chaka ndi chaka, ine n'kumanyadira.

Lamulo lathu linali lotere. Mgonero ukayandikira, mkulu aliyense ankayenda nyumba ndi nyumba m'dera lake kuona makhadi a mgonero a akhristu. Amene waphonya mgonero katatu motsatana, mkulu ankalemba chifukwa chake m'buku n'kukapereka ku bwalo. Chifukwa chikakhala chosamveka, munthuyo ankadulidwa.

M'dera langa munali mayi wina wamasiye, wofatsa, amene poyamba sankaphonya chilichonse. Kenaka anangosowa. Migonero iwiri inadutsa, wachitatu nawo unadutsa. Tsiku limene ndinapita kwawo ndinali ndi nyumba khumi ndi zinayi zoti ndimalize dzuwa lisanapendeke, chifukwa madzulo ake tinkalandira mlendo wodzayesa denga. Pakhomo ndinapeza chitseko chotseka. Mayi wa nyumba yoyandikana analoza ndi mlomo kumunsi kwa mudzi, osatchula dzina.

Nyumba imene analozayo aliyense ankaidziwa. Eni ake anali a mpingo uja woletsedwa, wokana kugula khadi la chipani. Achinyamata a chipani atawaotchera nkhokwe, banja lonse linathawira ku Mozambiki. Anasiya agogo mmodzi wofa ziwalo mbali imodzi, amene sakanatha ulendo. Kuyambira pamenepo njira ya kunyumbako inamera udzu.

Ndinaima pabwalo, chipewa m'manja, n'kuodira. Mayi wamasiye uja anatuluka atanyamula beseni, manja ali chonyowa. Anagwada chapatali.

"Mwatipeza, abambo. Lowani muwaone agogo."

"Ndathamanga, mayi. Ndabwerera khadi lanu. Katatu konse simunaoneke."

"Ndikudziwa. Mgonero umayamba Loweruka ndi kukonzekera, Lamulungu timaweruka dzuwa litapendeka, ndiye njira yake mukuidziwa. Tsiku lina ndinawasiya agogowa kuti ndikapemphere, ndinabwera n'kuwapeza atagwera pamoto. Mwendo mpaka lero sunapole."

"Nanga palibe wina woti n'kukhala nawo?"

Anaseka pang'ono. "Wina wake ndani? Inuyo mwaima pabwalopo ngati pali njoka pakhomo."

Mawu amenewo anandiwawa, ndipo ndinayankha ngati mkulu. Ndinawauza kuti gome la Ambuye silinyozedwa. Iwo anati sakulinyoza, akulifuna kwambiri, ndipo anafunsa ngati abusa sangawabweretsere mgonero kumeneko monga amachitira ndi odwala. Ndinati ndikaona. M'nyumbamo munamveka kutsokomola, mayiwo anapepesa n'kulowa. Ine ndinapitiriza ulendo, ndipo nyumba khumi ndi zinayi zija ndinazimaliza zonse.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinalakwa ndikudziwa. Tcheyamani wa chipani wa nthambi yathu analinso mkulu wa mpingo, ndipo pabwalo la akulu ankakhala moyang'anana ndi ine. Ndikanalemba chifukwa chenicheni, buku likanaonetsa kuti mkhristu wa m'dera langa amagona kunyumba yoletsedwa, ndiponso kuti ine ndinafikako. Ndinadziuza kuti ndikuteteza mayiwo. Mwina zinali zoona pang'ono. Koma amene ndinkamuteteza kwambiri anali mwini cholembera. Ndinalemba mawu atatu: sabwera popanda chifukwa.

Nkhani yawo pabwalo inatenga nthawi yochepa kuposa nkhani ya mtundu wa penti wa mazenera. Mlembi anawerenga, abusa anafunsa ngati pali wotsutsa, panalibe. Anadulidwa. Pempho lawo la mgonero wa kunyumba sindinalitchule n'komwe.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti tonse pabwalo paja tinkadziwa kumene mayiwo ali. M'mudzi simubisika kanthu. Tcheyamani ankadziwa, mlembi ankadziwa. Tinangogwirizana mwakachetechete kuti bola pepala likhale loyera. Ndipo mlungu womwewo tinakweza malata, tinaimba, ine ndinalalikira za chikondi cha pa mnansi mpaka amayi analulutira. Kutanganidwa kuli ndi ubwino umodzi kwa munthu wamantha: sikumupatsa mpata womva chimene wauzidwa kuchita. Ine ndinauzidwa chinthu chimodzi chokha tsiku lija, kulowa m'nyumba, ndipo ndinasankha zinthu khumi ndi zinayi.

Agogo aja anamwalira patatha chaka ndi miyezi. Anawaika anthu ochepa, popanda nyimbo. Mayi wamasiye anayambanso kubwera kutchalitchi, n'kumakhala pa benchi yakumbuyo, ya odulidwa. Pa mgonero ine ndinali mmodzi wa onyamula mbale ya mkate. Ndinkafika pa benchi yoyandikana ndi yawo n'kubwerera. Iwo ankangoweramitsa mutu.

Pomaliza ndinapita kwa mlembi n'kumuuza kuti mzere uja ndi wabodza, tiukonze.

"Achimwene," anatero, "zosainidwa sizifufutidwa. Njira ilipo. Alowe kalasi miyezi isanu ndi umodzi, aime pamaso pa mpingo, avomere kulakwa, tiwabwezere. N'zophweka."

Ndinakawauza mayiwo zimenezo ndili ndi chimwemwe, ngati ndawabweretsera mphatso. Ndinawapeza akusankha nyemba. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Kalasi ndingalowe, abambo, kuphunzira sikutha. Koma ndikaime kutsogolo ndinene kuti ndinalakwa chiyani? Kuwasambitsa agogo aja?"

"Mungonena kuti munaphonya mgonero."

"Popanda chifukwa?"

Mayiwo anapitiriza kusankha nyemba zawo.

"Ngati pali wofunika kuima kutsogolo kuja," anatero mofatsa, osandiyang'ana, "si ine."

Ndikanakonda kulemba kuti Lamulungu lotsatira ndinaimirira. Sindinaimirire. Tcheyamani anali adakalipo, ndipo tinali titayamba kuumba njerwa za nyumba ya abusa, ine ndili wapampando wa komiti yake. Ndinati ndidikire nyumbayo ithe.

Isanathe, mwana wamkazi wa mayi aja anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Champiti. Munthu wodulidwa sapatsidwa kalata yosamukira, choncho anapita opanda kalata, ndipo kumenekonso anakafikira pa benchi yakumbuyo. Ndinamva kuti sankaphonya Lamulungu ngakhale limodzi. Anamwalira patapita zaka zinayi, asanalawenso mgonero.