Mpira umene ndinaphonya dala

Ndinene poyambirira kuti ndinaphonya dala. Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga, ndipo mpaka lero wina akandifunsa chimene ndinasiyira netibo ndimangoti bondo.

M'chaka choyamba cha satifiketi yanga ya kasamalidwe ka odwala, pa koleji ina muno mu Leicester, ndinali shuta wa timu ya kolejiyo. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zitatu. Lachitatu masana kalasi kunalibe, linali tsiku la masewero, ndipo tinkasewera ndi makoleji ena a mumzinda momwemu ndi m'mbali mwake. Ligi yake inali yaing'ono, ya anthu ofika pabwalo titavaliratu yunifomu mkati mwa jekete. Gemu ikatha folo koloko ndinkathamangira basi ya ku Braunstone n'kukafika pa nazale asanatseke. Ntchemberembaye ndinaiphunzira pafumbi la ku pulayimale ku Ndirande, ringi yake ya waya womangirira pa bulugama, ndipo m'dziko lino ndi chinthu chokhacho chimene ndinkachita popanda wina kundiuza kuti ndibwereze sanamve. Maola awiri amenewo ndiwo okha pasabata pamene panalibe wondikoka siketi kapena wondifunsa kumene kuli sokosi.

Pa nazale ndinali nditachedwapo kawiri. Ulendo wachiwiriwo mayi woyang'anira anandiuza, akumwetulira pakamwa pokha monga amachitira kuno, kuti mwana akatsala nthawi itapitirira kwambiri, lamulo lawo n'loti aimbire a sosho, a boma oona za ana. Tonsefe tinamvapo za ana otengedwa. Kaya nkhanizo n'zoona kaya ayi, ine sindinkafuna kuziyesera pa mwana wanga. Komanso kuno sungangotuma mnansi ngati kwathu, wokatenga mwana dzina lake liyenera kukhala papepala. Bambo a mwana ankagwira shifiti ya masana ku weyahausi, kosungira katundu, ku Corby. Papepalapo panali ine ndekha amene ndikanafika.

Mphekesera zinayamba Khirisimasi itangotha. Akuti makoleji akuluakulu a dera lonse lino akupanga ligi yawo yatsopano, ndipo akufuna matimu awiri ochokera mu ligi yathu. Pa gulu lathu la pafoni panalibenso nkhani ina. Wina akuti a ku Derby alowa kale, wina akuti a ku Northampton akukana, wina akuti a ku Lincoln akudikira aone amene apite. Ankasuntha makoleji ngati njere za bawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kuchokera ku Lincoln munthu amafika kunyumba nthawi yanji.

Amene ankakoleza moto anali kaputeni wathu, Mmalawi mnzanga, wamkulu kwa ine zaka zingapo. Digiri anali nayo kale ya kwathu, pa kolejipo anangobwera kudzawonjezera pepala. Ankakhala ku Evington, anali ndi galimoto, ndipo amayi ake anabwera kuchokera kumudzi kudzalera zidzukulu. Ndinkamutcha achemwali chifukwa ndinaleredwa choncho, osati chifukwa chomukonda.

Tsiku lina tikusintha zovala ndinalimba mtima.

"Achemwali, tikapita ligi imeneyi, magemu akutali tizibwerako nthawi yanji?"

"Seveni, eyiti. Zimatengera msewu."

"Nanga mwana wanga?"

Anapitiriza kumanga nsapato osandiyang'ana. "Iwe ukufuna tizingosewera ndi tiana ta mumzinda muno mpaka mano athe mkamwa? Upeze pulani. Tonsefe tili ndi ana."

"Inu muli ndi amayi kunyumba."

"Ndiye ndikubwereke?" Anaseka. "Ku tchalitchi ulibe anzako? Kapena unawathamangitsa onse ndi nkhope ya maliroyo?"

Kenako anawamasulira atsikana enawo m'Chingerezi, mwa njira yake, ndipo nawonso anaseka. Ambiri anali a zaka za m'ma eyitini, oti akafika kunyumba amapeza chakudya chili mu uvuni. Sindinawaimbe mlandu kwambiri. Iye ndiye ndinadana naye, chifukwa ankadziwa bwinobwino chimene ndinkanena ndipo anachisandutsa nthabwala m'chinenero changa chomwe.

Apa ndi pamene ndinadzipusitsa. Kwathu timu imakwera ligi ikapambana, imatsika ikagonja, ndi zimene ndinakula ndikumva pa wailesi. Ndinayang'ana mndandanda wa ligi yathu n'kuona kuti tinali achiwiri, ndipo koleji yotitsatira ndi imene tinkakumana nayo pa gemu yomaliza. Akufuna awiri. Tikagonja tikhala achitatu, titsala, ndipo Lachitatu langa likhala momwe lilili. Sindinafunse kochi wathu, mayi wachizungu wosavuta amene akanandiyankha mosabisa. Ndinkaopa kuti ndikafunsa aona zimene zili mumtima mwanga. Ndinaganiza ndekha, pa basi, mwana akugona pamiyendo panga.

Gemuyo tinasewerera muholo mwathu, kunja kukuwaza kamvula. Theka loyamba ndinasewera bwino chifukwa manja sankamvera zimene mutu unapangana nazo. Mpira ukangofika, ankauponya okha, n'kulowa. Titapuma ndinaphonya iwiri, yapatali pang'ono, yoti aliyense akhoza kuphonya. Kochi anandiombera m'manja kuti ndisataye mtima. Ndinamva manyazi, koma osati okwanira kundisintha maganizo.

Kutatsala pang'ono kuti wenzulo yomaliza ilire, zigoli zinali zofanana. Kaputeni anandipatsa mpira wabwino kwambiri, ndisaname, wodutsa pakati pa anthu awiri, n'kundipeza ndili pansi penipeni pa ringi. Mpira wotere ndinkagoletsa ndili mwana, nditatsinzina, anzanga akundibetcha ndi zitumbuwa. Ndinaukweza, ndinayang'ana ringi, kenako ndinayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itatsala pang'ono kukwana folo. Ndinaukankha ndi chala chachikulu pang'ono chabe kumanja. Unagunda chitsulo, wotchinga wawo anauwakha, ndipo atangopatsirana katatu kokha anali atagoletsa kumbali inayo.

Atsikana ena analira. Kaputeni anabwera n'kundikumbatira, thukuta lake likundimata pakhosi.

"Osadandaula mwana wa amayi, zimachitika."

Ndinagwedeza mutu ngati wosweka mtima. Koma pa basi ndinkamwetulira ndekha. Pa nazale ndinafika ana ena asanatengedwe n'komwe, ndipo ndinamugulira mwana tchipisi panjira, chinthu chimene sindichita pakati pa sabata. Zimenezi ndizo zimandiwawa kulemba, kuti tsiku limenelo ndinasangalala.

Patatha masabata awiri kochi anatiitanitsa muholo momwemuja. Ananena ndi chimwemwe kuti koleji yathu yalandiridwa mu ligi yatsopano, tiyamba chaka chamawa, ndipo gemu yoyamba mwina ikhala ya ku Nottingham. Atsikana anakuwa. Ine ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu n'kunena kuti koma tinamaliza achitatu.

Kochi anandiyang'ana modabwa. Anati mndandanda wa ligi sunali nawo mbali m'nkhaniyi. Koleji inapempha kalekale Khirisimasi isanafike, ndipo a ligi yatsopanoyo ankayang'ana ngati muli ndi holo yabwino, minibasi yanu, ndi ophunzira okwanira kuti timu isamasowe anthu. Amene anatigonjetsa aja atsala chifukwa amasewerera panja. Anawonjezeranso kuti akuthokoza kaputeni, amene anathandiza kulemba pempholo.

Ndiye kuti pamene ndinkamufunsa tsiku lija akumanga nsapato, iye ankadziwa kuti zinatha kale. Anandisiya ndizivutika ndi mphekesera za pafoni pamodzi ndi atsikana aja, iye ali ndi yankho m'thumba.

Anandipeza pakhomo ndikuvala jekete.

"Iwe unkayesa ndi ligi ya kwanu ku Ndirande?" anatero motsitsa mawu, m'Chichewa, akumwetulira anzathu odutsa. "Kuno zimathera mu ofesi, mayi. Ndipo chala chako chachikulu chija ndinachiona."

"Sindikudziwa zimene mukunena, achemwali."

"Chabwino, sukudziwa. Sindiuza munthu, ndilibe shuta wina. Amayi akhoza kumakamutenga mwanayo Lachitatu. Ukanangopempha bwinobwino ngati munthu."

Amayi akewo ndinawaonapo kamodzi ku tchalitchi. Anali okalamba, oyenda ndi ndodo, osadziwa ngakhale pokwerera basi. Kuchokera ku Evington kukafika ku Braunstone ndi mabasi awiri, kusinthira m'tauni. Iye ankadziwa zimenezo kuposa ine. Ankangofuna kuti mawa akadzafunsidwa adzati ndinamupatsa thandizo, anakana yekha. Ndipo akanandisunga ndi chinsinsi changacho chaka chonse, mpira uliwonse ndikaphonya n'kumandiyang'ana chala.

"Zikomo achemwali, ndiganiza kaye," ndinatero, chifukwa ngakhale nditakwiya chotani pakamwa panga pamatuluka ulemu, ndipo ndimadzida nazo.

Sabata yotsatira ndinachapa yunifomu, n'kuisita, n'kukaisiya pa tebulo la kochi iye kulibe, ndi kapepala konena za bondo. Anandiimbira kawiri, sindinayankhe. Chaka chachiwiri chonse, Lachitatu likakwana ndinkaona minibasi ya koleji ikutuluka pageti cha m'ma thwelofu, kaputeni ali pampando wakutsogolo, ine ndili pasiteji ndi chikwama cha mabuku. Ndinkafika pa nazale maola awiri nthawi isanakwane n'kumazungulira m'mashopu, chifukwa kunalibe kwina kopita.

Satifiketi ndinaitenga, ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, mwana ali ku pulayimale ndipo a sosho sanaimbiridwepo. Mpira sindinaugwirenso. Pa gulu la pafoni sanandichotse, kaya anaiwala kaya ndi dala, ndipo ine sindinatulukepo. Lachitatu lililonse ndikaweruka ndimatsegula kuti ndione ngati agonja. Chaka chino akulankhulanso zosintha ligi, akuti imeneyo yawachepera. Sabata yatha anagonja ku Derby, wina analemba kuti vuto lawo alibe shuta, ndipo uthenga umenewo ndinauwerenga katatu.